KUOMBA NSARU NDI MANJA, NDI UBWINO WA BUNGWE LA OOMBA

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi)



Munthu akalowa mu msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena mu msika wa Masala ku Ndola, cinthu coyamba comudabwitsa ndico kucuruka kwa nsaru. Uku kuli zitenje zopacikidwa m'mizere, za mawanga a mitundumitundu. Uko kuli miyulu ya zobvala zakale zocokera kutsidya kwa nyanja, zimene a ku Zambia amati salaula, ndiko kunena kusankha pa mulu, ndipo a ku Malawi amati kaunjika. Koma mlendoyo akafunsa kuti, "Mwa nsaru zonsezi, ndi iti imene inaombedwa ndi manja a munthu wa dziko lino?" adzayenda nthawi yaitali ndithu asanaipeze.

Pamenepo pali funso limene msonkhano uno uyenera kulisinkhasinkha. Kodi munthu amene angathe kugula citenje pa mtengo wocepa ali naco cifukwa cakuti, ataweruka ku nchito, akhale pansi ndi kuomba nsaru ndi manja ace? Yankho lace ndi lakuti inde, ali naco. Koma asaombe yekha. Luso la manja limakhala ndi moyo pokhapo pamene anthu asonkhana kulisunga, ndipo limafa pamene eni ace abalalika.

MPHUNZITSI WA KUMUDZI NDI MIZINDA YA KU MIGODI

Wina anganene kuti nkhani ya ku Kitwe ndi ku Ndola ilibe kanthu ndi mphunzitsi amene sukulu yace iri kutali ndi njanje. Koma ana amene ali pa mabenci a sukulu zanu ndiwo amene amadzaza mizindayo. Ndola inayamba monga boma m'caka ca 1904. Mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pambali pace m'caka ca 1936. M'zaka zimenezo anyamata ambiri a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi a ku Nyasaland, limene lero ndi dziko la Malawi, ananyamuka ulendo wa ku Migodi. Ena anatsikira pansi pa nthaka, ena amene anadziwa kulemba anakhala akalaliki ndi akapitao.

Kumudzi manja a munthu sakhala cabe. Akaweruka ku munda asema mpini, aluka nkhokwe, asoka mphasa. Koma ku komboni kunalibe bango kapena nsungwi pafupi, ndipo munthu ataweruka anali kupeza kuti ali ndi maola ambiri opanda cocita. Malo amene anali kumuitana koposa ndiwo nyumba ya mowa. Makampani a migodi anaona bvuto limeneli, natsegula nyumba zimene amai anaphunziramo kusoka, kuluka ndi kuphika. M'caka ca 1958 ku Mindolo, pafupi ndi Kitwe, kunayamba sukulu ya amai yophunzitsa za pakhomo. Zonsezi zinathandiza mabanja ambiri. Komatu ulusi umene anali kulukira, ndi nsaru imene anali kusoka, zinali zogula m'sitolo. Kotero kuti ana okulira m'mizindamo anayesa kuti nsaru ndi cinthu cobadwira m'sitolo, cimene makolo a kuno sanacidziwe konse. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo mphunzitsi ndiye woyamba amene ayenera kuwakonza.

MAKOLO ANALI KUOMBA

M'caka ca 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu ulowa mu Zambezi, kumunsi kwa Kariba, anapeza manda akale. J. H. Chaplin, ndi pambuyo pace Brian Fagan, anafukula malowo mosamala. Anapeza anthu oikidwa zaka 400 kapena 500 zapitazo, pamodzi ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, ndi makoza a mkuwa m'manja ndi m'miyendo. Pansi pa makozawo panali tizidutswa ta nsaru. Nsaru imaola msanga m'nthaka, koma dzimbiri la mkuwa linaletsa tizidutswato kuola. Ina inali nsaru yosalala yooneka kuti inadza ndi amalonda, ina inali yokhakhala. Ndipo pomwepo panapezeka timapale tobulungira tobooledwa pakati, timene munthu amabveka ku kamtengo kopotera thonje kuti kazizungulira bwino. Cotero mkuwa, umene wamanga Kitwe ndi Ndola, ndiwo unasunga umboni wakuti anthu a m'cigwa ca Zambezi anali kupota thonje kalekale.

M'caka ca 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire nafika pakati pa Amang'anja. Iyeyu sanali mlendo pa za thonje, pakuti anayamba nchito ali ndi zaka 10 m'fakitale yopota thonje ku Blantyre wa ku Scotland. Anaona minda ya thonje m'midzi yambiri, nalemba kuti anthuwo anali ndi mitundu iwiri: thonje manga, locokera kunja, ndi thonje kaja, la dziko lomwelo. Anaona amuna ali kupota ndi kuomba. Nsaru yao yolimba, imene dzina lace ndi macila, inali kugulitsidwa m'mbali mwa Zambezi, ndipo dzina lomwelo linapita pa cinthu conyamulira munthu pa ulendo, popeza cinali nsaru yomangidwa ku mtengo.

Kacitidwe kao kanali kotere. Anali kucotsa njere pokunkhuniza kacitsulo pa thonje loyalidwa pa thabwa. Atalifewetsa, analipota ndi kamtengo kamene akale ankati njinga, dzina limene pambuyo pace linapatsidwa kwa njinga yokwera. Pofuna kuomba, anakhoma zikhomo zinai pansi, namanga mitengo iwiri yopingasa, nayala ulusi wa m'litali kucokera ku mtengo wina kufikira ku unzace. Ulusi umodzi mwa uwiri uli wonse anaukolowekera ku kandodo ndi timagonga ta thonje, kotero kuti pokweza kandodoko panali kutseguka mpata wopititsamo ulusi wopingasa. Ndipo anausindikiza ndi kathabwa kosalala. Nchitoyi inali ya pang'onopang'ono, koma nsaru yace inali kukhalitsa.

Kumene thonje silinalimidwe kwambiri anthu anali ndi luso lina. Alamba, amene ndiwo eni dziko la Ndola ndi Kitwe, anali kusula nyanda ya makungwa a mitengo, monga analembera Clement Doke m'buku lace la za Alamba la m'caka ca 1931. Nyanda siiombedwa, imasulidwa ndi cibonga. Koma nayo ionetsa kuti munthu wa kuno anadziwa kudzibveka yekha.

LUSOLO LINATAYIKA BWANJI

M'zaka za 1862 ndi 1863 cigwa ca Shire cinagwa m'tsoka lalikuru. Nkhondo za ogwira akapolo zinadza pamodzi ndi cirala ndi njala. Anthu osawerengeka anafa, ndipo otsala anathawira uku ndi uku. Minda ya thonje inamera udzu. Pamene mtendere unabwera, amalonda anali atadzaza dziko ndi nsaru za makina, monga merikani, imene dzina lace licokera ku America. Nkhalamba zina zinapitirira kuomba, koma anyamata okhala pambali pao kuti aphunzire anali kucepa caka ndi caka.

Apa pali phunziro limene mphunzitsi ali yense alisunge. Luso limeneli silinali m'buku. Linali m'zala za anthu. Buku lingathe kugona m'bokosi zaka 50, munthu nalitsegula nawerenga. Koma cimene ciri m'zala cimapita kumanda pamodzi ndi mwini wace, ngati palibe wina amene anakhala naye pamodzi naona, nayesa, nalakwa, nakonzedwa. Mbadwo umodzi wokha ukwana kuti mtundu wa anthu uiwale cimene unacidziwa zaka mazana.

ZIMENE MAFAKITALE A KU NDOLA APHUNZITSA

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, Boma linafuna kuti dziko lidzibveke lokha. Kunamangidwa fakitale ya nsaru ku Kafue, ndi ina ya Mulungushi ku Kabwe, imene inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China. Ku Ndola kunali fakitale ya Swarp yopota ulusi, umene wina unali kutumizidwa kunja, ndi ya Mukuba yoomba nsaru. Koma kuyambira m'caka ca 1991, pamene Boma latsopano linatsegula zipata za malonda, salaula ndi nsaru zotsika mtengo za ku Asia zinalowa monga madzi osefukira. Mafakitale ambiri analephera kupikisana nazo, anchito ace nacotsedwa. Ya Mulungushi inaima m'caka ca 2007.

Tsono ngati fakitale yodzala ndi makina, amene amaponya ulusi wopingasa kambirimbiri pa mphindi imodzi, inagonja pa mtengo, nanga munthu mmodzi ndi kathabwa kace adzapambana bwanji? Sadzapambana ai. Cifukwa cace mphunzitsi asanamize ana kapena makolo ao kuti kuomba ndi manja kudzawalemeretsa. Wolonjeza cuma adzaona gulu lace litabalalika mwezi wacitatu usanathe.

Phindu lace liri pena. Woomba amaphunzira kudekha, pakuti nsaru imakula ndi ulusi umodzi umodzi, ndipo palibe njira yacidule. Paja akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amaphunzira masamu osadziwa kuti ali kuphunzira: awerenge ulusi wa m'litali, ayese utali wace, aonjezerepo wa mfundo ndi wa kufupika kumene kumadza nsaru ikacoka pa coombera. Amaphunzira kuona colakwa cace ndi kubwerera kukacikonza, pakuti ulusi umodzi wodumphidwa umaoneka kufikira nsaruyo itatha. Akalowa mu msika sanyengedwa, popeza zala zace zidziwa nsaru yothithikana ndi yaphanthiphanthi. Ndipo mtima wa munthu amene tsiku lonse wagwira nchito ya mwini wace umapumula pamene madzulo apanga cinthu cimene ciri cace kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Ndalama pang'ono zingadze pambuyo, pa zinthu zimene makina sapanga, monga nsaru ya zithunzi yopacika pa khoma. Koma zimenezo zikhale ndiwo, nsima yace ndi lusolo.

BUNGWE LA OOMBA

Oomba nsaru a maiko ena anazindikira kale kuti mutu umodzi susenza denga. Bungwe la oomba a mu London linalandira kalata yolibvomereza kucokera kwa Mfumu Henry II m'caka ca 1155, ndipo likalipo kufikira lero. M'caka ca 1761 oomba a m'mudzi wa Fenwick ku Scotland analemba pangano lakuti adzakhala okhulupirika wina kwa mnzace ndi kwa owapatsa nchito, adzaomba nsaru yabwino, ndipo adzaika mtengo wolungama. M'caka ca 1769 anayamba kugulira pamodzi cakudya kuti cizitsika mtengo. M'caka ca 1844 anthu 28 a ku Rochdale ku England, ambiri a iwo a nchito ya nsaru, anatsegula kasitolo kao ka cigwirizano, ndipo malamulo ao ndiwo anakhala citsanzo ca mabungwe a cigwirizano pa dziko lonse.

Makina atalanda nchito ya oomba ndi manja ku Britain, lusolo likadafa monga linafera ku Shire. Koma anthu olikonda, amene ambiri a iwo anali ndi nchito zao zina, anapanga timabungwe m'mizinda mwao. Ndipo m'caka ca 1955 timabungweto tinalumikizana m'bungwe limodzi la oomba, opota ndi onyika utoto. Anthu ace amasonkhana pa masiku oikika, amabwerekana zoombera ndi mabuku, amaonetsa nchito zao poyera, ndipo wodziwa amakhala pambali pa woyamba kumene.

Mu Africa muno zitsanzo ziripo. Ku Rorke's Drift ku South Africa, Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden anakhazikitsa malo ophunzitsa za manja m'caka ca 1963, ndipo nsaru za zithunzi zoombedwa kumeneko zinamveka kutali. M'caka ca 1973 anthu omwewo anayambitsa gulu la oomba m'mudzi wa Oodi, pafupi ndi Gaborone ku Botswana, limene pambuyo pace linaperekedwa m'manja mwa oombawo eni ace. Iwo anapota ubweya wa nkhosa, naunyika utoto, naomba zithunzi za moyo wa pamudzi pao: ng'ombe, zitsime, amuna opita ku migodi ndi akazi otsala. Wonena kuti kuomba ndi nchito ya amai okha akumbukire Amang'anja. Wonena kuti ndi ya abambo okha akumbukire a ku Oodi, amene ambiri anali amai.

Nchito za bungwe lotere ziri zinai. Yoyamba ndiyo kubwerekana zipangizo, pakuti coombera cacikuru munthu mmodzi sangacigule, koma anthu 10 angathe. Yaciwiri ndiyo kugulira pamodzi ulusi ndi utoto. Yacitatu ndiyo kuweruzana nchito moona mtima. Woomba yekha amakhululukira zolakwa zace, koma mnzace amamuonetsa pamene m'mphepete mwakhota. Yacinai, imene iposa zonse, ndiyo kulandira watsopano ndi kumuphunzitsa, kuti mmodzi akasamuka kapena akamwalira, cimene anadziwa citsale. M'mizinda yonga Kitwe ndi Ndola, kumene munthu amakhala pakati pa alendo a zinenero zina, bungwe lotere limampatsanso abale.

Cimene cimapha mabungwe ambiri si kusowa kwa luso ai, koma ndalama. Kotero kuyambira tsiku loyamba pakhale kope lolembamo tambala kapena ngwee iri yonse yolowa ndi yoturuka; osunga ndalama akhale awiri, asakhale a banja limodzi; ndipo kopelo liwerengedwe mokweza pa msonkhano uli wonse. Mphunzitsi alembe, koma thumba asalisunge, kuti dzina lace ndi la sukulu zisadetsedwe.

POYAMBIRA PACE

Poyamba sipafunika cuma. Mmisiri wa pamudzi akhome timatabwa tinai, tiwiri ta masentimita 60 ndi tiwiri ta masentimita 45, tikhale ngati cimango ca zenera. Pa timatabwa tiwiri tatifupito akhomepo misomali yaing'ono m'mzere, motalikirana sentimita imodzi. Ulusi wolimba wa thonje uyalidwe kucokera ku msomali wa kumtunda kufikira ku wa kumunsi, ndi kubwerera, kufikira misomali yonse yatha. Ukhale wokungika mofanana ponse. Rula ya m'kalasi ilowetsedwe pansi pa ulusi umodzi ndi pamwamba pa wotsatira, ndipo ikaimitsidwa cam'mbali imatsegula mpata. Pobwerera, woomba atole ulusi winawo ndi zala. Cosindikizira cikhale cipeso kapena foloko.

Nanga ulusi wopingasa ucokera kuti? Apa salaula yomwe ija, imene inagwetsa mafakitale, isanduka mthandizi. Majuzi akale akamasulidwa, ulusi wace ukacapidwa ndi kuyanikidwa wokungika, uongoka nukhala wabwino. Malaya ndi zitenje zong'ambika zikadulidwa m'timizere ta masentimita awiri zimaombeka kukhala kansaru kopondapo pa khomo kapena koyala pa mpando. Khonje nalo liombeka. Wofuna utoto awiritse makoko a anyezi, adzapeza cikasu cokongola cimene cimagwira bwino pa ubweya.

Colakwa cimene woyamba ali yense amacita ndico kukoka ulusi wopingasa kolimba, kotero kuti nsaru imaning'a pakati monga ciuno ca mabvu. Mankhwala ace ndi kuugoneka ulusiwo mokhota ngati uta usanasindikizidwe. Mwana akauzidwa zimenezi ndi pakamwa amaiwala. Akaona mnzace ali kucita, sadzaiwalanso. Apa pomwe paoneka cifukwa ca bungwe.

Cotsiriza ndi ici. M'midzi yozungulira sukulu zanu mukali nkhalamba zoluka mikeka, malicero ndi nsengwa. Lamulo la nchito yao ndi lomwelo la woomba nsaru: pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Kapena pali gogo wina amene anaona atate ace ali kupota thonje. Mphunzitsi apite yekha kukawapempha mwaulemu, awapatse mpando patsogolo pa gulu, ndipo iye mwini akhale pansi pamodzi ndi ophunzira. Maina a malukidwe ao alembedwe m'kope, ndi zitsanzo zace zisungidwe m'kabati ya sukulu. Nchito imeneyi siyembekeza caka ca mawa, pakuti nkhalambazo siziyembekeza.

Anthu asanu ndi mmodzi, ana ndi akuru pamodzi, madzulo a tsiku limodzi pa sabata, akwana kuyamba. Mwana amene waomba pa sukulu ya kumudzi, tsiku limene adzatsike basi ku Ndola kapena ku Kitwe adzakhala ndi kanthu m'manja mwace kamene kusowa kwa nchito sikangamlande, ndipo adzadziwa kufuna anzace ndi kuwasonkhanitsa. Pa msonkhano ulinkudza, mphunzitsi ali yense abwere ndi kansaru koyamba ka gulu lace, kangakhale kokhota ndi koning'a pakati, kuti anzace akaone ndi kunena pamene payenera kukonzedwa.